Pulofesa Raymond Dart ndi Mwana wa ku Taung

Anzanga amene tinakhalira limodzi pa mabenchi a m'labotale, ndikhulupirira simunaiwale tchati chija chinkapachikidwa pambali pa bolodi, chojambulidwa zibade zondondozana kuyambira cha nyani mpaka cha munthu. Pakati pa zibadezo panali kamodzi kakang'ono kolembedwa dzina lovuta kutchula lakuti Australopithecus. Ine ndinaloweza dzinalo poopa mayeso basi, ndipo mayeso atatha ndinalitaya pamodzi ndi makope. Ndafika pokula ndisanadziwe kuti kachibade kaja kanali ka mwana wa zaka zitatu kapena zinayi, ndiponso kuti amene anakapatsa dzinalo anali mphunzitsi wa m'kalasi, munthu wokhala ndi taimutebulo, mayeso ochonga ndi ophunzira ovuta. Lero ndafuna kuti tikambeko za mphunzitsi ameneyu, Pulofesa Raymond Arthur Dart.

A Dart anabadwa pa 4 February 1893 ku Toowong, mu mzinda wa Brisbane ku Australia, pa nthawi imene madzi osefukira anavuta kwambiri mumzindawo. Anali achisanu m'banja la ana asanu ndi anayi. Makolo awo anali akhristu olimbikira, ndipo iwo ali mnyamata ankafuna kudzakhala dokotala wa mishoni ku China. Anaphunzira sayansi pa yunivesite ya Queensland, kenaka udokotala pa yunivesite ya Sydney komwe anatsiriza m'chaka cha 1917. Atagwira ntchito pang'ono ngati dokotala wa asilikali kumapeto kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, analowa ntchito pa University College ku London pansi pa Pulofesa Grafton Elliot Smith, katswiri wa ubongo, yemwe kwawo kunalinso ku Australia. Kumeneko ndiko anaphunzira kuwerenga makwinya a ubongo monga momwe mlenje amawerengera mapazi a nyama. Anakhalakonso chaka chimodzi ku St. Louis, ku Amereka, komwe anaona m'mene a Robert Terry ankasungira mafupa a anthu ophunzitsira, ndipo ku Amereka komweko anakwatira Dora Tyree m'chaka cha 1921.

M'chaka cha 1922 kunapezeka malo a pulofesa wa anatomi, phunziro la kapangidwe ka thupi, pa yunivesite yatsopano ya Witwatersrand ku Johannesburg. A Elliot Smith anawakakamiza kuti apemphe ntchitoyo. A Dart sanafune. Kwa iwo, kuchoka ku London kumene kunali malaibulale ndi akatswiri anzawo kunali ngati kuthamangitsidwa. Koma anapitabe, nafika mu January 1923 ali ndi zaka 29.

Zimene anazipeza zikanagwetsa mphwayi munthu aliyense. Sukulu ya madokotala inalibe laibulale, inalibe mafupa ophunzitsira, ndipo zipangizo zinali zosowa. Makoma a chipinda chong'ambiramo mitembo anali ndi zipsera za mpira wa tenesi umene ophunzira ankamenyetsapo, ndipo mitembo yochepa imene inalipo inali itauma chifukwa chosasamalidwa. Ambiri a ife tikudziwa za mphunzitsi wotumizidwa ku sukulu yopanda mabuku, amene amangowerenga masiku kudikira kalata yomusamutsa. A Dart sanadikire kalata. Anayamba laibulale ndi mabuku awo omwe, ndipo pofuna kudzaza mashelefu anapempha ophunzira kuti akapita ku holide azibwerako ndi mafupa a nyama iliyonse imene angapeze. Analonjeza mphotho ya mapaundi 5 kwa amene adzabweretse chinthu chopambana.

Pempho limeneli linali la mphunzitsi wosowa zophunzitsira, osati la munthu wofufuza chiyambi cha anthu. Koma ndi pempho lomweli limene linatsegula chitseko. M'chaka cha 1924 mtsikana wina wophunzira m'kalasi mwawo, Josephine Salmons, anaona chibade cha nyani chosanduka mwala chitaikidwa ngati chokongoletsa m'nyumba ya a E.G. Izod, m'modzi wa akuluakulu a kampani ya Northern Lime. Chibadecho chinachokera ku mgodi wa miyala ya laimu wa Buxton, pafupi ndi Taung, kumpoto kwa Kimberley. Mtsikanayo anachibwereka napita nacho kwa aphunzitsi ake. A Dart atachiona anapempha mnzawo Pulofesa R.B. Young, katswiri wa miyala yemwe anali ndi ulendo wa kuderalo, kuti akawapemphere eni mgodi aziwasungira mafupa otere m'malo mowaponya mu uvuni.

Mabokosi awiri anafika chakumapeto kwa chaka chomwecho, tsiku limene panyumba pa a Dart panali ukwati wa mnzawo, Christo Beyers, ndipo iwo ndiwo anali mperekezi wa mkwati. Anatsegula mabokosiwo atavala kale zina mwa zovala zaukwati. M'bokosi lachiwiri munali mwala wooneka ngati ubongo. Zimene zinachitika n'zakuti matope a laimu analowa m'kati mwa chibade kalekalelo, nauma, n'kudinda maonekedwe onse a ubongo, mpaka timizere ta mitsempha ya magazi. Munthu wina akanangoti ndi nyani winanso. Koma a Dart anali ataphunzira ubongo kwa katswiri, ndipo anaona kuti unali waukulu kwambiri kuposa wa nyani wamba, komanso wopangika mosiyana ndi wa chimpanzi. M'bokosi momwemo munali chigumu china cha mwala chimene ubongowo unkalowamo bwinobwino. Nkhope inali itabisika m'menemo. Mkwati anachita kuwakoka kuti akamalize kuvala.

Kwa masabata angapo, akaweruka ku kalasi, ankakhala pansi n'kumagoba mwalawo pang'onopang'ono ndi kahamala, tchizulo ndi singano zolukira majuzi za mayi a kunyumba kwawo zimene anazisongola. Pa 23 December 1924 mwala unagamuka, nkhope inaonekera. Inali ya mwana wokhala ndi mano onse amkaka, ndipo mano oyamba achikulu otafunira anali atangoyamba kumera. Mphumi inali yokwera, yopanda zitunda za pamwamba pa maso. Mano osongoka a m'mbali anali aang'ono ngati athu. Chinanso chimene anachiona chinali malo a bowo limene mtsempha wa msana umalowera ku ubongo. Pa nyama yoyenda ndi miyendo inayi bowoli limakhala chakumbuyo kwa chibade, koma pa mwanayu zizindikiro zinaonetsa kuti linali chapansi, kutanthauza kuti mutu unkakhala pamwamba pa msana woongoka. Cholengedwachi chinkayenda ndi miyendo iwiri, chikhalirecho ubongo wake unali waung'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ubongo wa munthu wamkulu wa lero.

Sanachedwe. Nkhani yawo inatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature pa 7 February 1925, iwo atangokwanitsa zaka 32. Cholengedwacho anachitcha Australopithecus africanus, kutanthauza nyani wakummwera wa mu Africa, nanena kuti chinali pakati pa anyani akuluakulu ndi anthu. Anakumbutsanso kuti Charles Darwin, m'buku lake la 1871 lonena za chiyambi cha munthu, anaganiza kuti makolo akalekale a anthu ayenera kuti ankakhala mu Africa.

Patangotha sabata imodzi akuluakulu a ku London anayankha m'magazini yomweyo, ndipo yankho linali lozizira. A Arthur Keith, a Arthur Smith Woodward, ngakhalenso a Elliot Smith amene anawaphunzitsa ntchito, sanakhutire. Tisafulumire kuwaseka akuluakuluwa, pakuti mfundo ina anali nayo: ana a chimpanzi ndi gorila amafanana kwambiri ndi ana a anthu kusiyana ndi m'mene akuluakulu awo amafananira, choncho kuweruza nkhani yaikulu chotere ndi chibade chimodzi cha mwana kunali koopsa. Koma panalinso zifukwa zina zosayenera. Ambiri pa nthawiyo ankakhulupirira kuti munthu anayambira ku Asia, ndiponso kuti ubongo ndiwo unayamba kukula, kuyenda choongoka n'kubwera pambuyo. Umboni wawo unali chibade cha Piltdown chimene chinalengezedwa ku Mangalande m'chaka cha 1912, cha ubongo waukulu koma nsagwada ya nyani. Mwana wa ku Taung anali wosemphana nacho kotheratu, ubongo waung'ono koma mano a munthu. Zonse ziwiri sizikanakhala zoona, ndipo akatswiri anasankha cha kwawo.

Munthu m'modzi yekha ndiye anaima nawo kolimba kuyambira pachiyambi, Dokotala Robert Broom, wa ku Scotland, yemwe ankachiza anthu m'matauni aang'ono a ku South Africa kwinaku akufukula mafupa a zokwawa zakale. Patapita masabata awiri nkhani itatuluka, anatulukira mu labotale ya a Dart osagogoda, nagwada patsogolo pa chibadecho.

M'chaka cha 1931 a Dart ananyamula chibadecho kupita nacho ku London. Ulendowu sunawayendere. Pa msonkhano wa bungwe la Zoological Society analankhula pambuyo pa a Elliot Smith, amene anali atangosangalatsa anthu ndi zithunzi za mafupa a munthu wakale wa ku Peking, ndipo iwo ndi kachibade kawo m'manja sanamveke. Buku lalitali limene analemba lofotokoza mwanayo silinasindikizidwe. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, mayi Dora, amene anatsalira kuti abwere nacho chibadecho, anachiiwala m'takisi, ndipo chinakapezeka kupolisi kumene dalaivala anakachisiya. Ndimati ndikaganiza za wapolisi amene anatsegula kabokosiko usiku umenewo, ndimalephera kudziletsa kuseka.

Atabwerera, nkhani ya mafupa akale anaiika pambali kwa zaka zoposa khumi. Olemba mbiri ena amati zaka zimenezi zinapita pachabe. Ine sindigwirizana nawo. Kuyambira 1925 mpaka 1943 a Dart anali mkulu wa sukulu yonse ya madokotala, ndipo ndi m'zaka zimenezi pamene sukulu ija ya zipsera za tenesi inasanduka sukulu yodziwika. Kaphunzitsidwe kawo sikanali kongoyimirira pa bolodi. Pofotokoza kayendedwe ka zokwawa ankagona pansi n'kumakwawa, ndipo pofotokoza za anyani ankalumpha n'kugwira mapaipi a kudenga n'kumalendewera, ophunzira ali kukamwa yasa. Analimbikitsanso dongosolo lakuti wophunzira udokotala wanzeru ayambe waima kaye kwa chaka, achite digiri ya sayansi n'kuphunzira kufufuza. Mwa amene anadutsa njira imeneyi munali Sydney Brenner, yemwe anadzalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2002, ndi Phillip Tobias, amene tim'tchulanso posachedwa.

Ndipo taonani kumene thandizo linachokera kachiwiri. Mu August 1936 ophunzira awo awiri, G.W.H. Schepers ndi Harding le Riche, anatengera a Broom ku mapanga a Sterkfontein pafupi ndi Krugersdorp, kumene anali ataonako mafupa a anyani. A Broom pa nthawiyo anali ndi zaka 69 ndipo ankagwira ntchito ku Transvaal Museum ku Pretoria. Pasanathe masabata awiri anali atapeza zidutswa za chibade cha Australopithecus wamkulu, chinthu chimene otsutsa ankanena kuti chikusowa. Pa 18 April 1947, pamodzi ndi wothandiza wawo John Robinson, anapezanso chibade chathunthu chimene manyuzipepala anachitcha Mrs Ples, ndipo chaka chomwecho anapeza mafupa a m'chiuno ndi a msana osonyeza poyera kuti zolengedwazi zinkayenda choongoka. Pulofesa Wilfrid Le Gros Clark wa ku Oxford anali atabwera kudzadzionera yekha mafupa, nakachitira umboni pa msonkhano waukulu ku Nairobi mu January 1947. A Keith, atakalamba, analemba kalata ku Nature kuvomera kuti a Dart ananena zoona ndipo iwo ndiwo analakwa. M'chaka cha 1953 zinaululika kuti chibade cha Piltdown chinali chachinyengo: wina analumikiza chibade cha munthu ndi nsagwada ya orangutan, napala mano ndi tupa, n'kuzipaka mankhwala kuti zioneke zakale. Kuchokera 1925 kufika 1947 ndi zaka 22 za kudikira.

A Dart eni ake anabwezedwa ku mafupa ndi wophunzira winanso. M'chaka cha 1945 Phillip Tobias, ali ndi zaka zosakwana 20, anatsogolera anzake ku chigwa cha Makapansgat kumpoto kwa Transvaal, nabwerako ndi mafupa a anyani akale. Malowa a Dart anali atawamva kale mu 1925 kwa mphunzitsi wa sukulu, a W.I. Eitzman, amene anawatumizira mafupa, koma sanawatsatire. Tsopano anatumizako anthu, ndipo mu 1947 James Kitching anapeza chidutswa cha chibade cha Australopithecus.

Apa ndi pamene tiyenera kunena zoona, kuti munthu amene analondola pa Taung anasokera pa Makapansgat. Ataona mafupa akuda anati anapsa ndi moto, natcha cholengedwacho Australopithecus prometheus, pamene kuda kwake kunachokera ku mchere wa m'nthaka wotchedwa manganese. Atawerenga zidutswa za mafupa a nyama zoposa 7,000, anaona kuti nsagwada ndi mafupa ena a miyendo zinali zochuluka pamene michira ndi mafupa a msana zinali zosowa. Anaganiza kuti makolo akalewo ankasankha mafupa, mano ndi nyanga kuti zikhale zibonga, mipeni ndi macheka, ndipo analemba mwaukali kuti munthu anachokera kwa nyani wakupha, wokonda magazi. Wolemba wa ku Amereka Robert Ardrey anafalitsa ganizoli m'buku la African Genesis mu 1961, ndipo linafika mpaka mu kanema wa 2001: A Space Odyssey wa 1968, m'mene nyani akutola fupa n'kuphera mnzake.

Amene anakonza cholakwachi ndi C.K. Brain, wasayansi wa ku Transvaal Museum. Iye anakatola mafupa a mbuzi otayidwa m'midzi ya m'chipululu cha Namib, napeza kuti anthu ndi agalu akatha kudya, zotsala zimakhala zomwezija: nsagwada ndi mafupa olimba. Ofewa amatafunidwa. Aliyense amene anaonapo pa dzala pambuyo pa phwando akudziwa zimenezi. Anaonetsanso kuti anyalugwe, afisi ndi anungu ndiwo ankaunjika mafupa m'mapanga, ndipo ku Swartkrans kunapezeka chibade cha mwana chokhala ndi mabowo awiri olingana ndendende ndi mano a nyalugwe. Buku lake linatuluka mu 1981, a Dart akali moyo, ndipo nkhalambayo sinam'sungire mangawa. Ngakhale mwana wa ku Taung sanaphedwe ndi mnzake: mu 1995 Lee Berger ndi Ron Clarke anaganiza kuti anagwidwa ndi chiwombankhanga, ndipo mu 2006 Berger anaonetsa zipsera za zikhadabo m'mabowo a maso ake.

Pali zinanso zolemera kuposa kulakwa pa mafupa a mbawala. A Dart anali munthu wa nthawi yake pa nkhani ya mitundu ya anthu, ndipo nthawiyo inali yoipa. Ankayeza mitu ndi nkhope za anthu akuda n'kumawagawa m'magulu amene sayansi ya lero inawataya. Pa chionetsero cha Empire Exhibition ku Johannesburg mu 1936, anthu a mtundu wa San anaikidwa poonekera kuti anthu aziwaonera, ndipo a Dart ndi anzawo ndiwo anawayeza. Mu 1929 anakangana poyera ndi mayi Gertrude Caton-Thompson, amene atafukula ku Great Zimbabwe ananena kuti anamanga malingawo ndi anthu a mu Africa momwemo, pamene a Dart ankafuna kuonamo dzanja la alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Mayiyo ndiye analondola. Maganizo omwewo anapita nawo ku mapanga a Mumbwa, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anafukulako mu 1930. Ndi chinthu chodabwitsa kuti munthu amene anauza dziko kuti anthu onse anayambira mu Africa ankavutika kukhulupirira kuti Aafirika akanamanga linga la miyala paokha.

Nkhokwe ya mafupa a anthu imene anaiyamba potengera zimene anaona ku St. Louis ilipobe pa Witwatersrand ndipo imatchedwa dzina lawo. Muli mafupa a anthu oposa 2,000, ndipo kwa zaka zambiri ochuluka anali a anthu akuda osauka amene anafera m'zipatala popanda wachibale wodzatenga mtembo. Madokotala ambirimbiri aphunzirirapo. Komabe ife amene agogo athu anapita ku Joni pa Wenela, ena osabwerako, sitingawerenge zimenezi mtima uli m'malo.

Mu 1958 a Dart anapuma pa ntchito atatsogolera dipatimenti ya anatomi zaka 36, ndipo mpando wawo anautenga Tobias, mwana wa m'kalasi mwawo, amene mu 1964 pamodzi ndi Louis Leakey ndi John Napier anatcha dzina Homo habilis wa ku Olduvai ku Tanzania. Pofika nthawi imeneyo kufufuza kunali kutasamukira mu Africa, ndipo pambuyo pake kunafika ndi kwathu kuno. Mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ofufuzawa anasankha Karonga chifukwa chakuti ili pakati pa mapanga a ku South Africa ndi zigwa za kummawa kwa Africa. Amene mwadutsako, mbiri yake ili ku Cultural and Museum Centre ya Karonga imene inatsegulidwa mu 2004.

Ukalamba wa a Dart unalowera kwina. Banja lawo loyamba litatha, anakwatira Marjorie Frew, woyang'anira laibulale ya sukulu ya madokotala, mu 1936. Mwana wawo Galen anabadwa mu 1941 ndi vuto la kayendedwe ka thupi, ndipo bambo wake anathera zaka zambiri akufufuza njira zomuphunzitsira kuyenda ndi kuima bwino. Kuyambira 1966 mpaka 1986 ankakhala mbali ya chaka ku Philadelphia, akugwira ntchito ndi bungwe lothandiza ana ovulala ubongo. Kumayambiriro kwa 1985 Tobias anaitana akatswiri a m'maiko ambiri kudzakumbukira zaka 60 za mwana wa ku Taung, ndipo a Dart analipo. Anamwalira ku Johannesburg pa 22 November 1988 ali ndi zaka 95.

Phanga limene mwanayo anagonamo zaka zoposa 2 miliyoni linaphulitsidwa kalekale ndi okumba laimu, ndipo pamalopo pali chipilala chachikumbutso. Chibade chenichenicho chimasungidwa m'chipinda chokhomedwa pa yunivesite ya Witwatersrand. Mphotho ija ya mapaundi 5 inapita kwa wophunzira wina, osati kwa Josephine Salmons.